Aphunzitsi andibwezera asayimenti ya mapulezidenti a ku America

Alangizi, ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira mbiri yakale ndi ndale. Tinapatsidwa asayimenti yofotokoza zimene mapulezidenti a ku America anachita pothetsa tsankho m'sukulu kuyambira 1954 mpaka 1974. Ine ndinalemba kuti Eisenhower, Kennedy ndi Johnson ankakonda anthu akuda, mdani anali Nixon. Aphunzitsi andibwezera pepala atalembapo ndi bolopeni yofiira kuti, "Izi ndi nthano, mfundo yako ili pati?" Andipatsa masabata awiri. Kunyumbanso bambo akuti ndikungotha fizi ndi nkhani za kwa eni. Nditani?

Mwana wanga, aphunzitsiwo sanakulakwire. Wawagawa anthuwa ngati kalulu ndi fisi a m'nthano, pomwe onse anayi anali andale owerengera mavoti. Pa pulezidenti aliyense udzifunse kuti ankaopa kutaya mavoti a yani, ndipo atapanikizika anatola chida chanji: mawu, asilikali, ndalama kapena majaji. Mfundo imene akukufunsayo ituluka pamenepo.

Yamba ndi Eisenhower, chifukwa ndi amene wamutamanda mopitirira. Pa 17 Meyi 1954 majaji onse 9 a Supreme Court, khoti lalikulu la dzikolo, anagamula pa mlandu wa Brown kuti kupatula ana m'sukulu za boma potengera khungu n'kuphwanya malamulo a dziko. Mkulu wa majajiwo, Earl Warren, anamusankha ndi Eisenhower yemweyo. Koma pa utsogoleri wake wonse mkuluyu sanaimepo pagulu n'kunena kuti chigamulocho chinali cholondola. Ankangoti khoti lalankhula ndipo iye alimvera. Chifukwa chake uchifufuze m'mavoti. Iye anali wa chipani cha Republican, chimene kum'mwera kwa dzikolo chinalibe mphamvu, koma mu 1952 anapambana ku Texas, Virginia, Florida ndi Tennessee, ndipo sankafuna kuti zigawozi zimupulumuke. Mu 1956, kutatsala miyezi iwiri yokha kuti anthu avote, gulu la azungu linatchinga sukulu ya m'tauni ya Mansfield ku Texas kuti ana akuda asalembetse. Bwanamkubwa wa Texas, Allan Shivers, anaima kumbali ya gululo, ndipo Shivers yemweyo ankamuchitira kampeni Eisenhower. Pulezidenti anangoti zii. Dzina la Mansfield ulisunge, tikumana nalonso.

Za Little Rock, likulu la chigawo cha Arkansas, wazilemba ngati asilikali anafika tsiku lomwelo, pomwe panadutsa masabata atatu. Pa 4 Seputembala 1957 asilikali a chigawocho, amene bwanamkubwa Orval Faubus anawaika pa Central High School, anatchinga ana akuda 9 kuti asalowe. Mmodzi mwa anawo, Elizabeth Eckford wa zaka 15, kwawo kunalibe foni, choncho uthenga woti onse akumane malo amodzi sunamupeze. Anafika yekha, atavala diresi latsopano, mabuku ali m'manja. Asilikali anamutsekera njira ndi mfuti, chikhamu chikumukuwiza kumbuyo, iye n'kuyenda mpaka pa benchi yodikirira basi. Chithunzi chimenecho chinazungulira dziko lonse lapansi. Eisenhower anayamba wakambirana ndi Faubus pa 14 Seputembala, zinakanika. Pa 24 ndi pamene analamula asilikali pafupifupi 1,000 a gulu la 101st Airborne kupita ku Little Rock, m'mawa mwake anawo n'kulowa m'kalasi.

Ukawerenge zimene analankhula pa wailesi yakanema usiku umenewo, zilipo pa intaneti. Sanakhazikike pa ufulu wa anawo. Anatsindika zoti lamulo la khoti lanyozedwa, ndiponso kuti adani a America kunja akusangalala nazo. Paja inali nthawi yolimbana ndi Soviet Union, ndipo mayiko a mu Africa anali atayamba kudzilamulira. Ghana inalandira ufulu mu Malichi chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala nduna yake ya zachuma, Komla Gbedemah, anakanizidwa kukhala m'lesitilanti ina ku Dover, Delaware, chifukwa cha khungu. Eisenhower anachita kumuitanira chakudya cham'mawa ku White House kuti manyazi achepe. Kachiganizo kamodzi ka nkhani imeneyi kakupatsa malikisi kuposa tsamba lonse la matamando.

Usaiwale zimene zinamuchitikira Faubus, pakuti andale anzake anaphunzirapo. Mu 1958 anatseka masukulu a sekondale a mu Little Rock chaka chathunthu, ndipo anthu anamuvoteranso, n'kukhala pampando mpaka 1967. Kum'mwera, kulimbana ndi boma la ku Washington kunkabweretsa mavoti.

Kennedy umudutse mwachangu. Anapambana mu 1960 ataposa mnzake ndi mavoti osakwana 120,000 pa mavoti pafupifupi 69 miliyoni, ndipo akuluakulu a chipani chake cha Democratic kum'mwera anali atsankho omwewo. Anazengereza zaka ziwiri. Mu 1962 ankanyengerera bwanamkubwa wa Mississippi, Ross Barnett, pa foni kuti wophunzira wakuda James Meredith alowe University of Mississippi, mpaka kunabuka chipolowe chimene chinapha anthu awiri, asilikali n'kufika mochedwa. Mawu amphamvu oti tsankho ndi nkhani ya chikumbumtima anawalankhula pa 11 Juni 1963, tsiku limene bwanamkubwa wa Alabama, George Wallace, anaima pakhomo la University of Alabama kutchinga ophunzira akuda. Mawuwo anali abwino ndithu, koma pofika 1964, patatha zaka 10 chigamulo chija chiperekedwe, ana akuda a kum'mwera ophunzira limodzi ndi azungu sankafika atatu pa 100 alionse.

Zinthu zinagwedezeka ndi ndalama. Johnson anasayina Civil Rights Act, lamulo loletsa tsankho, pa 2 Julayi 1964, kutatsala masiku anayi kuti Malawi alandire ufulu. M'lamulolo munali gawo lolola boma kuimitsa thandizo la ndalama kwa aliyense wochita tsankho. Palokha gawolo likanakhala lopanda mano, koma mu 1965 anadutsitsanso lamulo lopereka ndalama zoposa madola 1 biliyoni ku masukulu a pulayimale ndi sekondale. Tsopano wokana ana akuda ankakananso ndalama. Mansfield ija, imene inapirira zaka 9, inatsegula zitseko mu 1965. Mtengo wa Civil Rights Act pa ndale unaoneka nthawi yomweyo: pa chisankho cha 1964 Johnson anapambana pafupifupi paliponse, koma Mississippi, Alabama, Georgia, Louisiana ndi South Carolina zinapita kwa Barry Goldwater wa chipani cha Republican, amene anavotera motsutsa lamulolo.

Pa Nixon ndi pamene aphunzitsi ako akukudikira, ndiye ukhalepo nthawi. Mu 1968 Wallace anaima payekha n'kutenga zigawo zisanu za kum'mwera, ndipo Nixon ankafuna anthu amenewo adzakhale ake mu 1972. Boma lake linapempha khoti kuti lichedwetse kusakaniza ana ku Mississippi. Mu Okutobala 1969 Supreme Court inakana, n'kulamula kuti zichitike nthawi yomweyo. Chimene Nixon anachita ndi chochenjera. Pagulu ankadzudzula zonyamula ana pa basi kupita nawo ku sukulu zakutali, kuti mkwiyo wa azungu ugwere majaji. Kuseri anapatsa mmodzi mwa akuluakulu a boma lake, George Shultz, ntchito yokhazika pamodzi atsogoleri akuda ndi azungu a m'zigawo za kum'mwera kuti sukulu zitsegulidwe mu 1970 popanda chipolowe. Mu 1968 ana akuda 68 pa 100 alionse kum'mwera anali m'sukulu za akuda okhaokha. Pofika kumapeto kwa 1970 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 20. Kusintha kwakukulu kunachitika pansi pa munthu amene iwe wamulemba kuti mdani.

Koma usathamangire kumuveka nkhata ya maluwa. Maganizo anga ndi akuti khoti ndi limene linamukankha, iye anangoonetsetsa kuti asapse nazo zala. Ndipo chida chake chenicheni chinali majaji. Anasankha anayi a Supreme Court, ndipo mu 1974 pa mlandu wa Milliken wa ku Detroit onse anayiwo anali m'gulu la asanu amene anagamula kuti madera a kunja kwa mzinda, kumene azungu ambiri anasamukira, sangakakamizidwe kusakaniza ana awo ndi a mumzinda. Ngati sukugwirizana nane, nditsutse m'pepalamo, bola ubweretse umboni. Aphunzitsi amasangalala ndi zimenezo.

Za bambo ako, usakangane nawo, fizi imawawa. Uwakumbutse mwaulemu kuti Kamuzu anamaliza udokotala wake mu 1937 ku Meharry Medical College ku Nashville, sukulu ya anthu akuda m'chigawo chimene tsankho linali lamulo, ndiye nkhanizi si za kwa eni kwenikweni. Pa za ntchito uwauze zoona: digiri ya mbiri payokha siitana ntchito pakhomo. Amene ndawaona akuyenda nayo bwino anaiphatikiza ndi uphunzitsi, utolankhani, zamalamulo kapena kafukufuku m'mabungwe, ndipo ambiri anayamba kudzipereka kugwira ntchito pa holide adakali pasukulu. Chaka chachiwiri ndi nthawi yabwino yoyamba kugogoda.

Sabata yoyamba uwerenge zolankhula ziwiri zija, cha Eisenhower cha 1957 ndi cha Kennedy cha 1963, ndi mapu a zisankho za 1952 mpaka 1972 ali pambali. Yachiwiri ulembe. Ndime yoyamba uyambe ndi Mansfield, ndipo usanapereke upite nayo ndimeyo ku ofesi ya aphunzitsiwo akaione kaye.