Kodi Céline Dion adakhalitsa bwanji pa zoimba?

Mmodzi wa owerenga athu, yemwe amaimba m'kwaya ndipo akufuna kujambula chimbale chake, watifunsa pa imelo kuti Céline Dion adatha bwanji kuimba m'Chifalansa ndi m'Chingelezi, nyimbo zofatsa ndi zothamanga zomwe, n'kukhalabe wotchuka zaka zoposa 30. Akufuna kudziwa ngati nkhani yonse ili pa mawu basi.

Mawu ali nawo, izo palibe wotsutsa. Koma achimwene, chomwe chidamukweza kwambiri ndi kusankha bwino olemba nyimbo ndi ozikonza mu situdiyo, chifukwa nyimbo zake zambiri sadalembe yekha.

Adabadwa mu 1968 ku Charlemagne m'chigawo cha Quebec ku Canada, chitsirizira m'banja la ana 14. Ali ndi zaka 12, kaseti yomwe adajambula mothandizidwa ndi mayi ake ndi mchimwene wake idafika kwa René Angélil, manijala wa oimba, ndipo iyeyu adapereka nyumba yake ngati chikole kuti chimbale choyamba chituluke mu 1981. Zaka za m'ma 1980 zonse Dion ankaimba m'Chifalansa. Mu 1988 adapambana mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya wa Eurovision ku Dublin akuimira Switzerland, kuposa Britain ndi pointi imodzi yokha.

Kulowa msika wa Chingelezi sikudali kongodumphira. Adayamba wapita kusukulu ya Berlitz kukaphunzira chilankhulocho, ndipo chimbale cha Unison chidatuluka mu 1990, David Foster ali m'gulu la okonza. Ambiri ofuna kuimba m'chilankhulo china amagwera apa. Amaloweza mawu koma amapumira pakati pa chiganizo, kapena kukweza silabo yolakwika, ndipo mwini chilankhulo amazindikira pomwepo. Muziyamba mwalankhula mawuwo mokweza, kuika chizindikiro papepala pamene mupumire, kenako n'kuimba.

Onani tsono anthu omwe adagwira nawo ntchito. D'eux ya 1995, chimbale cha Chifalansa chomwe chidagulidwa kuposa china chilichonse, nyimbo zake zambiri adalemba Jean-Jacques Goldman, yemwe adamuimbitsa motsitsa mawu, osakuwa. Chaka chotsatira pa Falling into You, Jim Steinman adamupatsa nyimbo yaitali ya rock yofuna mphamvu, Diane Warren ya chikondi yofatsa, ndipo chimbalecho chidatenga mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka mu 1997. Munthu ndi mmodzi yemweyo, koma wokonza aliyense adatulutsa mbali ina ya mawu ake. Ngakhale nyimbo ya mufilimu ya Titanic, yomwe James Horner adapeka, Dion poyamba sadaifune. Angélil ndiye adamunyengerera.

Mawailesi a adult contemporary, omwe amaulutsira anthu akuluakulu, amafuna nyimbo yomveka mawu, yoyamba pansi n'kudzakwera kumapeto. Nyimbo zambiri za Dion n'zotero. Kuipa kwake n'koti nyimbo zoterezi zikachuluka zimafanana, ndipo otsutsa akhala akumunena Dion kuti amanyanya kukokomeza. Pa nyimbo zina sitingawakanire.

Za kusamala mawu ndiye muzimvetsetse. Kumayambiriro kwa ntchito yake mawu adamuthera ali pa ulendo woimba, dokotala n'kumuuza kuti asankhe opaleshoni kapena kukhala chete masabata atatu. Adasankha kukhala chete. Timinofu totulutsa mawu tikatupa sititsekana bwino, mawu amasasa, woimba n'kumakankha kwambiri kuti amveke, kutupako n'kumaonjezeka. Kunong'ona sikuthandiza, kumatitopetsa chimodzimodzi. Chothandiza ndi kupumitsa mawu, kumwa madzi, kuwatenthetsa pang'onopang'ono musanaimbe, ndi kutsitsa kiyi ya nyimbo ngati noti yapamwamba mukuifika movutikira. Mu situdiyo mutha kubwereza mpaka itheke, koma pasiteji mudzafunika kuifika usiku uliwonse.

N'chifukwa chake ganizo lokaimbira malo amodzi mumzinda wa Las Vegas ku America lidali lanzeru. Kuyambira 2003 mpaka 2007 adaimba zoimbaimba zoposa 700 mu holo ya Colosseum ku hotela ya Caesars Palace, ya mipando pafupifupi 4,000, anthu n'kumamutsatira komweko m'malo moti iye azingokhalira m'ndege. Poti mpweya wa m'chipululu cha Nevada ndi wouma, pasitejipo adaikapo makina oonjezera chinyontho. Adabwererako kuyambira 2011 mpaka 2019, ndipo m'kati mwa nyengoyi, mu 2016, Angélil, yemwe adali mwamuna wake kuyambira 1994, adamwalira.

Mu December 2022 adalengeza kuti ali ndi stiff person syndrome, matenda oumitsa ndi kukokanitsa minofu, kuphatikizapo yomwe woimba amadalira popuma ndi potulutsa mawu. Zoimbaimba zotsala za ulendo wake woimba zidalephereka. Adadzaimbanso pagulu pa 26 July 2024 potsegulira Olimpiki ku Paris, nyimbo imodzi ya Édith Piaf, m'Chifalansa.