Yankho kwa achimwene amene afunsa za makina osemera okhala ndi chingwe

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuwononga ndalama zambiri pogula makina a Foredom kudzera kwa mlamu wanu amene ali ku Johannesburg, kapena mungogula Dremel, popeza kamakina kotchipa kamene mumasemera tinjovu ndi timakiholoda kamatentha msanga ndipo kamaima kakangokhudza phingo. Ine ndimasema kuno ku Mangochi ndipo katundu wanga amapita ku Chembe ndi ku Monkey Bay, choncho ndikuuzani zimene ndaziona ndi manja anga.

Kusiyana kwa makina awiriwa kwagona pa mphamvu, osati pa liwiro. Dremel 4000 imazungulira mpaka maulendo 35,000 pa mphindi, pamene Foredom ya mtundu wa SR imalekezera pa 18,000, ndipo anthu ambiri akaona manambalawa amaganiza kuti Dremel ndiyo yapambana. Vuto n'lakuti mota wa Dremel ndi waung'ono chifukwa anaupanga kuti ukwane m'dzanja, moti mukaukanikiza pa mtengo wolimba liwiro lija limatsika ndipo motawo umayamba kutentha. Foredom ili ndi mota waukulu, wa 1/6 horsepower, umene mumaupachika pamwamba, ndipo mphamvu yake imatsika kudzera m'chingwe chachitsulo chozungulira m'kati mwa chikuta chake mpaka kufika pa chogwirira chimene chili m'dzanja mwanu. Dzanja silinyamula mota, silimva kutentha kwake, ndipo liwiro mumaliwongolera ndi phazi monga achitira atelala pa makina osokera. Kwa munthu wosema phingo tsiku lonse ndingakonde kwambiri mtundu wa TX, umene uli ndi 1/3 horsepower ndipo umafika pa 15,000, chifukwa sufooka ngakhale mukuuyendetsa pang'onopang'ono. Liwiro lochepa limathandizanso kuti mtengo usapse. Phingo ali ndi mafuta ake, ndipo mano, tizitsulo tosemera timene mumamanga pa chogwirira, akathamanga kwambiri amangomata n'kuyamba kutulutsa utsi.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse musanatumize ngakhale tambala imodzi ndi ya magetsi. Foredom ndi kampani ya ku Connecticut, ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mphamvu yocheperako, choncho makina ake amapangidwa a mitundu iwiri, a 115V ndi a 230V. Magetsi a ESCOM ndi a 230V. Muuze mlamu wanu awerenge kachitsulo kamene kamatidwa pa mota, ndipo aonetsetsenso kuti chopondera nachonso ndi cha 230V, pakuti chimenechi anthu amachiiwala. Kugula ku South Africa kuli ndi ubwino wakuti magetsi awo ndi ofanana ndi athu, ndipo chongosintha ndi pulagi basi, popeza kwathu timagwiritsa ntchito ya mano atatu a makona. Mnzanga wina analandira makina a 115V kuchokera kwa mlendo amene anamukonda, ndipo chifukwa cha chimwemwe anangowalumikiza osafunsa. Fungo la waya wopsa linamveka ndi a nyumba yoyandikana nayo.

Chogwirira musankhe mosamala. Cha H.30 chimamangidwa ndi kiyi ngati dirilo ndipo chimalandira mano a mpini uliwonse mpaka pafupifupi mamilimita 4, kutanthauza kuti mano anu akale a 3.2 ndi a 2.35 onse alowa. Chimenechi n'chokwanira pa maso a njovu, mamba a chambo ndi zilembo za pa makiholoda. Ngati mukufuna kukumba maenje a bawo, mudzafunika cha H.44T, chimene chimagwira mano akuluakulu a mpini wa mamilimita pafupifupi 6. Mano ake gulani a carbide, chitsulo cholimba kwambiri. Achitsulo wamba pa mlombwa ndi mbawa amapirirako, koma pa phingo amabuntha sabata isanathe.

Chimene chimandichititsa kunena kuti ndalamazo sizipita pachabe n'chakuti makinawa amakonzeka. Chingwe cha m'kati, chikuta chake ndi maburashi a kaboni zonse zimagulitsidwa pazokha ndipo mungazisinthe nokha ndi sikuludiraiva. Chingwecho ndicho chimayamba kuduka mano akakodwa mu mtengo, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa chikaduka mota umapulumuka. Popeza zipangizozi simungazipeze m'mashopu a pa Boma pano, mlamu wanu aike m'katoni yomweyo zingwe ziwiri zapadera, maburashi ndi girizi wake. Opanga makinawa amalangiza kupaka girizi pa chingwe pakatha maola pafupifupi 50 a ntchito, ndipo muzipaka pang'ono, chifukwa akachuluka amatsikira m'chogwirira n'kuchitenthetsa. Mota muupachike pamalo okwera kuposa phewa lanu kuti chingwe chizitsika mosapindika kwambiri, pakuti kupindika ndiko kumachidya. Ife okhala m'mbali mwa nyanja tilinso ndi chinyezi ndi mchenga, choncho mukaweruka pukutani chogwirira ndi kuchisunga m'bokosi lotseka.

Fumbi musalipeputse. Makinawa amatulutsa fumbi losalala kwambiri kuposa la sandipepa, ndipo la phingo limayabwa pakhungu ndi kutsamwitsa, choncho valani chotchinga kumphuno chenicheni pamodzi ndi magalasi, ndipo musavale malaya a manja olendewera.

Kodi Dremel ndi yoipa? Ayi ndithu. Ngati ntchito yanu ndi kulemba maina pa makiholoda maola awiri pa tsiku, Dremel pamodzi ndi chingwe chake cha nambala 225 ikukwanirani, ndipo ndalama zotsalazo mugulire mano abwino. Koma mwanena kuti mumasema kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo pamenepo ine ndingapirire miyezi ingapo kusonkhanitsa ndalama za Foredom, osaiwala kuwerengera msonkho wa MRA pa chipata. Sompho ndi matchizulo anu musawataye, chifukwa kuchotsa mtengo wochuluka poyamba kumafulumirabe ndi sompho, ndiponso masiku amene magetsi athima kuyambira m'mamawa ndi zomwezo zimene mudzagwirire ntchito.