Galu wopupuluma: vuto ndi maphunziro kapena ubongo?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake galu wanu mmodzi amakwatula fupa musanaliike n'komwe pansi pomwe mnzake amadikira, ngakhale munawaphunzitsa mofanana. Maphunziro amathandiza ndithu, koma gawo lina la nkhaniyi lili muubongo.

Mu 2001, Rudolf Cardinal ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge ankapatsa makoswe mwayi wosankha: kadina apa kachakudya kamodzi katuluke pompo, kapena kadina apo tituluke tinayi koma utadikira kaye. Atawononga kachigawo ka ubongo kotchedwa nucleus accumbens, makoswewo anayamba kuthamangira kamodzi kaja, tinayi n'kutisiya.

Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Okinawa, ku Japan. Mbewa inkalowetsa mphuno m'kabowo n'kuima duu kudikira chakudya. Ikangochotsa mphuno msanga, basi yaluza. Mu 2014, gulu la katswiri wofufuza za ubongo, Kenji Doya, linagwiritsa ntchito kuwala podzutsa maselo a muubongo otulutsa serotonin, mankhwala achilengedwe onyamula mauthenga muubongo, ndipo mbewazo zinkapirira nthawi yotalikirapo. Kenaka anapeza kuti zimenezi zimagwira ntchito bwino pamene mbewa ili ndi chikhulupiriro chakuti chakudyacho chibweradi.

Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna muigwiritse. Galu wanu wa phumayo musamukwapule. Muuzeni adikire kamphindi kochepa chabe, kenaka mumupatse fupalo nthawi zonse osamunamiza, ndipo muziwonjezera nthawiyo pang'onopang'ono. Mukamamudyetsa, mnzakeyo akhale patali kaye.