Kodi atsamunda ankapirikitsa bwanji munthu osamuzenga mlandu?

Owerenga ena atumiza funso ili pa imelo: "M'busa Michael Scott anathamangitsidwa mu Nyasaland mu 1953. Anapezeka wolakwa pa mlandu wanji? Nanga pasipoti yake ya Britain sinamuteteze bwanji?"

Bambo, lamulo silinkafuna kuti munthu ayambe wapezeka wolakwa. Scott anaima ndi Inkosi Gomani ya ku Ntcheu pamene inkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma litafuna kuchotsa mfumuyo m'dera lake, awiriwa anathawira ku Mozambique, Apwitikizi n'kuwabweza. Kuti Scott akwezedwe ndege, chinafunika ndi chikalata cha boma chonena kuti saloledwanso m'dziko muno, basi.

Pasipoti imangonena kuti ndinu ndani komanso boma lomwe likukuvomerezani. Kulowa kapena kukhala m'dziko ndi nkhani ya lamulo lina, loona za olowa ndi otuluka, ndipo dera lililonse la atsamunda linali ndi lakelake. Choncho pasipoti yoperekedwa ku London inkatha kukanidwa ndi Bwanamkubwa wa ku Zomba.

Malamulowa ankandandalika anthu oletsedwa: wopanda ndalama zodzisamalira, wodwala matenda opatsirana, womangidwapo pa mlandu waukulu. Ku Natal, ku South Africa, mu 1897 anawonjezera mayeso: wobwera alembe pempho m'chinenero cha ku Ulaya, wa pachipata akhutire. Mtundu wa munthu sunatchulidwe, koma aliyense ankadziwa kuti cholinga chinali kutsekereza Amwenye, ndipo maiko ena a mu ufumu wa Britain anatengera njirayi.

Ndime yoopsa inali yonena za munthu amene boma lamuona kuti ndi wosafunika. Chifukwa sichinkaululidwa, umboni sunkaonetsedwa. Wodandaula akapita kukhoti, woweruza kawirikawiri ankangoona ngati chikalatacho chasainidwa ndi woyenera, osati ngati chifukwacho n'chomveka. Apa m'pamene madandaulo ambiri ankagwera. Kwa ine, ndime imeneyi ndiyo inali lamulo lenileni, zinazo zinali zokongoletsa.

Chitaganya chitayamba mu 1953, mphamvu zimenezi zinapita ku boma la chitaganya ku Salisbury (Harare wa lero). Mu Malichi 1959, John Stonehouse, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, anatulutsidwa m'chitaganyamo mwa njira yomweyi. Ngakhale mbadwa za m'chitaganyamo zinkatsekeredwa malire a mkati: Dr Banda analetsedwa kulowa Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kumayambiriro kwa chaka chomwecho.

Musasokoneze zimenezi ndi zomwe zinkachitikira eni dziko. Mbadwa sungaibweze kwawo chifukwa ili kale kwawo, ndiye boma linkaichotsa m'dera lake n'kukaisunga kutali. Elliot Kamwana wa Watch Tower anachotsedwa ku Utonga mu 1909. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse anamutumiza ku Mauritius, kenako ku Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937.