Timaluwa ta pinki ndi chikasu tija, amayi musatidzale

Mayi wina wanditumizira imelo kuti pokayenda ndi ana m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ku Zomba anaona tchire la timaluwa ta pinki ndi chikasu pamutu umodzi, nde akufunsa dzina lake komanso ngati angathyoleko kukadzala pakhomo. Amayi, mwandikhudza pachilonda.

Imeneyo ndi lantana, ndipo ine ndinaidzalapo ndi manja angawa nditangosamukira ku Matawale. Ndinkafuna mpanda wosalira ndalama, njerwa zinali zodula, aneba anati imakula msanga, nde inakuladi msanga eti, mvula ziwiri zokha inali italowa m'dimba, yakwera mtengo wa mapeyala, nkhuku zikukaikira mazira m'kati momwe munthu sungapise dzanja. Ndinaitema ndi chikwanje, inaphuka. Ndinaiotcha, inaphukanso mochita kunyada. Mayi a kunyumba mpaka lero amandiseka, akuti ndinaitana mlendo wosadziwa kutsanzika.

Chimandinyansa n'choti anthu amaiona ngati duwa lathu. Si lathu ayi, kwawo ndi ku Central ndi South America, anaibweretsa ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Mbalame zimadya tizipatso take n'kukataya njere kulikonse, nde ikamera imaphimba udzu ndi timitengo tonse. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka, khungu limasupuka padzuwa. Ena amati ndi chimodzimodzi deliya poti nayenso ndi mlendo wa ku Mexico, koma deliya bola, masamba ake timapangira manyowa. Ngakhale tizipatso tachikasu timene anyamata amagulitsa panjira ya Ku Chawe tija tinachokera ku mapiri a Himalaya ndipo tadzaza phiri la Zomba, koma pamenepo sindiyankhula zambiri, ndimagula ndekha.

Kuizindikira kwake

Gwirani tsinde, lili ndi ngodya zinayi komanso timinga tating'ono. Masamba ndi okhakhala, amamera awiriawiri moyang'anana, mukawafikisa amanunkha kwambiri. Tizipatso timayamba tobiriwira kenako n'kuda, tobiriwirato ndi poizoni, ana aja asatiike m'kamwa. Ikamera yokha kwanu musateme, zulani ndi khasu mizu yonse nthawi ya dzinja nthaka ili yofewa, muvale malaya a manja aatali, ndipo muzibwererako chifukwa njere zotsala zimamerabe. Ine chaka chino ndazulanso zisanu kuseri kwa bafa.