Kachipangizo kowerenga masitepe ka amayi a ku Kamwendo

Achemwali ena omwe amagwira ntchito ku Lilongwe anditumizira imelo. Amayi awo ali ndi zaka 71, amakhala ku Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo kuchipatala anawauza kuti aziyendako tsiku ndi tsiku chifukwa cha BP. Akufuna kuwagulira kachipangizo kowerenga masitepe, koma mitundu yawachulukira. Agule kati?

Achemwali, mawotchi aja olumikiza ku foni asiyeni. Amafuna kutchaja pafupipafupi, ndipo inu mukakwera minibasi kubwerera kutauni, wokonza zikasokonekera palibe. Komanso chovala pamkono chimanamizika msanga. Amayi akamasinja, kuchapa kapena kupalira, mkono umagwedezeka, icho n'kumalemba masitepe omwe sanapondedwe n'komwe.

M'sitolo mukafunse pedometer wamba, ndilo dzina la kachipangizoka pa Chingerezi. Koma apa mpomwe ambiri timalakwitsa, chifukwa ilipo mitundu iwiri. Wakale uli ndi kachitsulo kolendewera mkati. Mukaugwedeza pafupi ndi khutu mumamva kakugunda. Umenewu umafuna kukhala chilili pa lamba, komanso umafuna munthu woponda mwamphamvu. Nanga amayi athu amamanga lamba? Amamanga chitenje, ndipo kachipangizo kakapendekeka m'chiuno kamasiya kuwerenga. Ine ndinagulira azakhali anga ku Santhe kamtundu umenewu. Anapita kuchigayo ndi kubwerako, thukuta lili kamukamu, koma poyang'ana kanali katalemba masitepe ochepa kwambiri, chifukwa amayenda pang'onopang'ono mokhwekhwereza mapazi. Zinawawawa. Anakaika m'chikwama cha Baibulo, osakagwiranso, ndipo mpaka lero ndimadzimvera chisoni kuti sindinakayese kaye.

Inu mugule kolembedwa kuti 3D pa katoni. Aka kamamva kuyenda kwa thupi kaya kali chilili kaya chogona, m'thumba la diresi kapena kolendewera m'khosi ndi kachingwe. Kampani ya Omron ya ku Japan imapanga totere, ngakhale ilipo ina. Manambala akhale akuluakulu oti awaone popanda magalasi, mabatani akhale ochepa. Tambiri timayendera kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, komwe kamatha miyezi ingapo. Muwagulire awiri apadera, poti pagolosale yapafupi sangawapeze. Wotchi yake muwatcherere nokha, kuti kaziyambiranso pa ziro usiku pakati popanda iwo kudina kanthu.

Tsiku lowapatsa, muyende nawo masitepe 100 pabwalo mukuwerenga mokweza, pa liwiro lawo iwowo osati lanu. Kakalemba pafupi ndi 100, kali bwino. Kakalemba 40, kabwezeni.

Za masitepe 10,000 patsiku musawauze n'komwe. Nambala imeneyi inatchuka mu 1965 pomwe kampani ya Yamasa ku Japan inkagulitsa kachipangizo kotchedwa Manpo-kei, kutanthauza kowerenga masitepe 10,000. Inali nkhani ya malonda. Mu 2019, Dr. I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa amayi achikulire oposa 16,000 ku America. Anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira ochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindu linkakwera mpaka cha pa 7,500, kenako n'kuima. Mayi wopita kumjigo, kudimba ndi kumsika wa Kamwendo mwina akufika kale pamenepo osadziwa.

Ndiye sabata yoyamba asasinthe kalikonse. Aziyenda monga mwa masiku onse, madzulo mdzukulu azilemba nambala m'kope. Mukadziwa pomwe ali, muziwonjezerapo pang'ono, monga masitepe 500, m'mawa kapena dzuwa likapendeka. Akamva chizungulire, phuma kapena kupweteka pachifuwa, aime ndipo apite kuchipatala. Mankhwala a BP asasiye chifukwa ayamba kuyenda. Ndipo Lamulungu mukawaimbira foni, muziwafunsa kuti m'kope muja mwalembedwa zingati sabata ino.