Kodi zojambula zamakonozi n'zachizungu?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Lizulu. Akuti amajambula ndi penti, koma anthu akaona amati zithunzi zake sizidziwika mutu wake, n'zotengera azungu, bwanji osangojambula mayi atasenza mtsuko dzuwa likulowa. Akufunsanso kumene angapeze womuphunzitsa.

Achemwali, kwerani minibasi mubwere kuno ku Dedza, mukafike ku Chongoni. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idawavomereza kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ine ku Mphunzi, amodzi mwa malowa, ndidaima nthawi yaitali ndikuyang'ana zojambula zofiira za Akafula, anthu amene adakhalako Achewa asanafike: timabwalo m'kati mwa timabwalo, timizere tondondozana, zosafanana ndi foto ngakhale pang'ono. Zoyera, zomwe makolo athu Achewa adapaka ndi dothi, zimanena za chinamwali ndi Nyau, ndipo nyama zake n'zotambasula miyendo ngati chikopa choyanika. Amene akukunyozaniwo sadafikeko kumapanga akwathu. Ngakhale Picasso, mzungu wotchuka pa zojambula zamakono, adasintha kajambulidwe kake mu 1907 ataona zigoba za ku Africa m'nyumba yosungiramo zakale ku Paris.

Wondiphunzitsa ine anali bambo wina wolemba zikwangwani za magolosale pa boma. Dzina la Picasso sankalidziwa n'komwe. Miyezi itatu yoyamba ntchito yanga inali kutsuka maburashi m'parafini ndi kusakaniza penti m'zitini zakale. M'mawa wina mu June, chifunga chitakuta phiri la Dedza, adandifunsa kuti phirilo likuoneka bwanji. Ndidati lobiriwira. Iwo adati, "Mwana wanga, wayankha ndi mutu, maso sunawagwiritse." Nditayang'anitsitsa ndidaona kutuwa kwa phulusa, buluu pang'ono m'mikwawa, ndi kuda kwa mitengo ya paini m'munsi. Mpaka lero ndikagwira burashi mawu amenewo amandibwerera.

Mukapeza mpata tsikirani ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe wansembe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, mukakhale pafupi ndi osema, muone mmene manja awo amayendera. Koma wophunzitsa amene akufuna kuti chilichonse chanu chifanane ndi chake, musakhalitse naye.

Mayi wa mtsukoyo nanenso ndimamujambula, amandigulira ufa. Inu mukamujambula, akhale mayi amene mukumudziwa, wogulitsa kachewere pamsika wa Lizulu, ndi chitenje chake chofwifwa. Munditumizireko zithunzi zitatu zomwe adakusekani nazo kwambiri, ndikufuna ndizione.